Mmene mungagulire inshuwalansi ya nyumba yokutetezani ku namondwe ku America

Abale amene mwagula kapena mukufuna kugula nyumba ku Houston, Tampa, Jacksonville, New Orleans kapena kunyanja ku Carolina, pali funso limene ambiri timalifunsa molakwika. Timafunsa ajenti kuti, "Kodi inshuwalansi imeneyi ikunditeteza ku namondwe?" Iwo amati eya, ndipo sakunama. Koma namondwe amabwera ndi zinthu ziwiri, mphepo ndi madzi, ndipo kuno zinthu ziwirizi amazigulitsa payekhapayekha. "Eya" ya ajenti nthawi zambiri imanena za mphepo yokha.

Ife amene tikukumbukira zimene Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kuti nyumba zambiri zimapita ndi madzi osati mphepo. Ndiye tiyeni tigule ngati anthu odziwa zimenezo.

Zimene muyenera kukhala nazo musanaimbire ajenti aliyense

- Tsamba loyamba la inshuwalansi yomwe muli nayo panopa, lija amati declarations page. Ngati mukugula kumene nyumba, pemphani la eni ake akale.
- Chaka chimene nyumba inamangidwa, kukula kwake, ndi zomwe anamangira, kaya njerwa, mabuloko kapena matabwa.
- Chaka chimene denga linaikidwa, pamodzi ndi chilolezo kapena lisiti yake. Pepala limeneli ndi lofunika kuposa onse.
- Lipoti la CLUE, lomwe limasonyeza ma claim a zaka 7 zapitazo. Mumalipeza kwaulere kamodzi pachaka ku LexisNexis, koma la nyumba yomwe simunaigule amaitanitsa ndi eni ake.
- Elevation certificate ngati ilipo. Imasonyeza kuti pansi pa nyumba yanu pakwera motani poyerekeza ndi pomwe madzi amafika.
- Kalata ya banki yomwe inakukongozani ndalama ya nyumba, pamene analemba inshuwalansi yomwe akufuna.
- Ndalama yomwe mungaitulutse lero lomwe pa akaunti yanu popanda kukongola. Ilembeni papepala. Tiigwiritsa ntchito pa sitepe 4.

1. Yambani nyengo isanafike

Nyengo ya anamondwe a ku Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Nthawi yabwino yogula ndi Malichi kapena Epulo.

Zifukwa ndi ziwiri. Namondwe akangoyandikira ndipo National Hurricane Center yatulutsa chenjezo, makampani amatseka zipata: salemba munthu watsopano, ndiponso salola wakale kuwonjezera chilichonse mpaka namondweyo atadutsa. Chachiwiri, inshuwalansi ya boma ya madzi osefukira imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mwalipira.

Chenjezo: masiku 30 amenewa sakhudza munthu amene akugula inshuwalansiyo pamodzi ndi ngongole ya nyumba pa tsiku losainirana. Ngati mukugula nyumba panopa, umenewu ndi mwayi wanu, musauphonye poganiza kuti mudzagula mukakhazikika.

2. Dziwani malo amene nyumba yanu ili

Lowani pa webusaiti ya mapu a FEMA (bungwe la boma la America loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), msc.fema.gov, n'kulemba adiresi yanu. Mukaona zilembo A, AE, V kapena VE, muli m'dera lomwe madzi amasefukira kawirikawiri, ndipo ngati ngongole yanu ili pansi pa malamulo a boma la federo, banki idzakukakamizani kugula inshuwalansi ya madzi. Mukaona X, banki sikukakamizani.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amamva kuti "simukukakamizidwa" n'kumasulira kuti "madzi sangafike". Namondwe Harvey atagwetsa mvula yoposa mainchesi 60 pafupi ndi Nederland ku Texas mu 2017, nyumba zambirimbiri za ku Houston zomwe zinamira zinali kunja kwa madera owopsa a pa mapu. Namondwe Helene mu 2024 anasefukiza Asheville, mzinda wa kumapiri ku North Carolina, kutali kwambiri ndi nyanja. Mapu amanena za banki, osati za mvula. Funsaninso anthu oyandikana nawo amene akhalitsa pamalopo kuti madzi anafikapo pati. Agogo a nyumba yapakona amadziwa zambiri kuposa mapu.

Kenako fufuzani ngati muli m'dera lomwe makampani wamba amachotsamo mphepo mu inshuwalansi ya nyumba. Izi zimachitika m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Ku Texas, maboma ang'onoang'ono (ma county) 14 a m'mphepete mwa nyanja ndi kachigawo kena ka Harris County amadalira Texas Windstorm Insurance Association, yomwe anthu amangoti TWIA. Ku Florida kuli Citizens Property Insurance Corporation, ku Louisiana kuli Louisiana Citizens, ndipo Mississippi, Alabama, North Carolina ndi South Carolina alinso ndi mabungwe awo a mphepo. Mukakhala malo otere, ngati ku Galveston, mapepala anu akhoza kukhala atatu: a nyumba, a mphepo, ndi a madzi.

3. Siyanitsani mphepo ndi madzi

Iyi ndi sitepe yofunika kuidekhera.

Inshuwalansi wamba ya nyumba, yomwe amaitchula HO-3, imalipira zomwe mphepo yawononga: denga lasasuka, mtengo wagwera chipinda, zenera lasweka. Imalipiranso mvula yomwe yalowa m'nyumba, koma pokhapokha ngati mphepo inayamba yaboola denga kapena khoma. Mvula ikalowera pa denga lomwe linali lodontha kale, kampani imati vutolo ndi la kusasamala kwanu.

Madzi ochokera pansi ndi nkhani ina. Mtsinje wasefukira, ngalande zadzaza, mvula yaunjikana mumsewu n'kulowa pakhomo, zonsezi HO-3 silipira. Ngakhale madzi a m'nyanja amene mphepo imakankhira kumtunda, aja amati storm surge, amawerengedwa kuti ndi madzi osefukira ngakhale kuti anawabweretsa ndi mphepo. Ndi madzi amenewa amene anasesa Fort Myers Beach pamene namondwe Ian anafika mu Seputembala 2022. Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: madzi ochokera kumwamba kudzera pa chiboo cha mphepo ndi a inshuwalansi ya nyumba, madzi ochokera pansi ndi a inshuwalansi ya madzi.

Inshuwalansi ya madzi mungaigule ku National Flood Insurance Program, kapena kuti NFIP, yomwe imayendetsedwa ndi FEMA koma imagulitsidwa ndi maajenti wamba. Malire ake ndi $250,000 pa nyumba ndi $100,000 pa katundu wa m'nyumba. Dziwani zinthu zitatu za NFIP. Nyumba ndi katundu ndi zigawo ziwiri, chilichonse ndi mtengo wake, ndipo banki imangofuna cha nyumba, choncho anthu ambiri amadzazindikira madzi atalowa kuti masofa, mabedi ndi zovala sizinalembedwe. Katundu amamulipira pa mtengo wa chinthu chakale osati chatsopano. Ndipo NFIP silipira hotelo kapena lendi pa nthawi yomwe nyumba ikukonzedwa.

Makampani ena omwe si a boma amagulitsanso inshuwalansi ya madzi. Ena amapitirira malire a $250,000, ena amalipira malo ogona, ndipo masiku awo odikira amakhala ochepa. Kuipa kwake n'kwakuti akhoza kukusiyani chaka chamawa akaona kuti dera lanu lawaluzitsa. Funsani mitengo ya mbali zonse ziwiri. Ngati eni nyumba akale ali ndi NFIP, mukhoza kuitenga m'dzina lanu, zomwe nthawi zina zimakupulumutsani ku mtengo wokwera wa munthu watsopano.

Chenjezo: fufuzani m'pangano mawu akuti anti-concurrent causation. Tanthauzo lake n'lakuti ngati chinthu cholembedwa ndi chosalembedwa zawononga malo amodzi pamodzi, monga mphepo ndi madzi osefukira, kampani ikhoza kukana mbali yonseyo. Simungawachotsetse mawuwa, koma amakuonetsani chifukwa chake kukhala ndi inshuwalansi imodzi yokha n'kuyenda ndi nsapato imodzi. Amene muli ndi Citizens ku Florida, lamulo la mu Disembala 2022 likukakamiza kale pang'onopang'ono kuti olembetsa mphepo pa nyumba zawo akhalenso ndi ya madzi pofika mu 2027.

4. Sandutsani deductible kukhala madola

Deductible ndi ndalama yomwe kampani imachotsa musanalandire kalikonse. Amene munayendetsako galimoto kwathu mumaidziwa ndi dzina loti excess. Kusiyana kwake n'kwakuti ya namondwe nthawi zambiri salemba m'madola koma m'maperesenti, ndipo peresentiyo sawerengera pa zomwe zawonongeka ayi, amawerengera pa mtengo wonse womwe nyumba inalembedwa, uja ali pa Coverage A.

Tiyerekeze kuti nyumba yanu yalembedwa $350,000. Deductible ya 2 peresenti ndi $7,000. Ya 5 peresenti ndi $17,500. Namondwe akawononga denga ndipo kukonza kwake ndi $15,000, wa 2 peresenti alandira $8,000, wa 5 peresenti salandira ngakhale senti. Onse awiri anauzidwa kuti "mwatetezedwa".

Tsopano tengani pepala lija munalembapo ndalama yomwe mungatulutse lero. Deductible yanu isapose nambala imeneyo. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kulipira madola owonjezera pachaka kusiyana n'kukhala pansi pa tenti yabuluu miyezi isanu ndi umodzi mukusonkhetsa abale pa WhatsApp. Ku Florida makampani amapereka zosankha za $500, 2, 5 kapena 10 peresenti, ngakhale kuti ya $500 sipezeka pa nyumba zodula.

Funsaninso kuti deductible imeneyi imadzuka liti, chifukwa mitundu ilipo itatu ndipo mayina ake amafanana. Hurricane deductible imagwira pa namondwe weniweni yekha. Named storm deductible imagwira pa chimphepo chilichonse chomwe chapatsidwa dzina, ngakhale chisanakule kufika pa namondwe. Wind and hail deductible ndiye yoluma kwambiri, chifukwa imagwira pa mphepo ndi matalala alionse, ngakhale a mu Epulo. Ku Texas mtundu womalizawu ndi wofala.

Ku Florida ndi ku Louisiana, deductible ya namondwe imawerengedwa kamodzi pachaka osati pa namondwe aliyense. Choncho namondwe woyamba akakuwonongerani zinthu zochepa zosafika pa deductible, dziwitsanibe kampani ndipo sungani malisiti. Wachiwiri akabwera chaka chomwecho, monga anachitira Helene ndi Milton mu 2024, zomwe munaluza koyamba zimawerengedwa.

5. Onani kuti adzalipira pa mtengo uti

Coverage A iyenera kukhala ndalama yomangiranso nyumba kuyambira pansi, osati mtengo womwe munagulira, chifukwa mtengo wogulira umaphatikiza malo, ndipo malo sauluka ndi mphepo. Pemphani ajenti akuonetseni mmene anawerengera. Pambuyo pa namondwe, amisiri ndi zipangizo zimakwera mtengo chifukwa mzinda wonse ukumanga nthawi imodzi, choncho funsani za extended replacement cost, yomwe imawonjezera gawo lina pamwamba pa Coverage A, kawirikawiri 25 peresenti.

Kenako yang'anani mawu awiri awa. Replacement cost ndi kulipira mtengo wa chinthu chatsopano. Actual cash value ndi kulipira atachotsa zaka zomwe chinthucho chagwira ntchito. Makampani ambiri masiku ano amalemba nyumba yonse pa replacement cost koma denga lokha n'kuliika pa actual cash value, m'kapepala ka kumapeto komwe palibe amene amawerenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tibwerere ku nyumba ija: denga latsopano ndi $20,000, lanu lakhala zaka 12, ndipo kampani ikuwerenga kuti denga lotere limakhala zaka 20. Achotsa 60 peresenti, kutsala $8,000. Achotsanso deductible ya $7,000. Cheke chanu ndi $1,000.

Musaiwale ordinance or law. Nyumba yakale ikawonongeka kwambiri, khonsolo imafuna kuti muimangenso motsatira malamulo a lero, ndipo kusiyana kwa mtengoko inshuwalansi wamba silipira popanda gawo limeneli. Ku Florida amapereka 25 kapena 50 peresenti ya Coverage A. Nyumba ikakhala ya m'ma 1980 kapena kumbuyo, tengani yaikuluyo.

6. Funsani za tinthu timene timaiwalika

Coverage D ndi yomwe imalipira hotelo kapena lendi nyumba ikakhala yosakhalika chifukwa cha mphepo. Onani kuti ndi ndalama zingati komanso miyezi ingati. Mpanda, shedi ndi galaja yoima payokha zili pa Coverage B, nthawi zambiri 10 peresenti ya Coverage A. Ku Florida, khonde lotchingidwa ndi sefa komanso chitchinga cha dziwe losambira amakonda kuzichotsa pa namondwe pokhapokha mutalipira padera. Madzi a m'suweji obwerera m'bafa amafuna gawo lawolawo. Galimoto ikamira, nkhani yake ili ku inshuwalansi ya galimoto, gawo la comprehensive, osati ku nyumba.

7. Itanani woyendera nyumba kuti mtengo utsike

Ku Florida itanani woyendera nyumba wovomerezeka adzachite wind mitigation inspection. Amakwera kusiling'i kukaona misomali ya denga, zitsulo zomangirira denga ku khoma, maonekedwe a denga, ndi zotchingira mazenera. Amadzaza fomu ya OIR-B1-1802 yomwe imagwira zaka 5, ndipo lamulo limakakamiza makampani kutsitsa mtengo pa zomwe zapezeka. Ndalama yolipira woyenderayu ndi yochepa, ndipo nthawi zambiri imabwerera chaka choyamba chomwe.

Nyumba yakale adzakufunsaninso four-point inspection, yoona denga, magetsi, mapaipi ndi makina oziziritsa m'nyumba. Lamulo la ku Florida la 2022 limaletsa kampani kukukanani chifukwa cha zaka za denga zokha ngati denga lisanakwane zaka 15. Likapitirira, mukhoza kubweretsa lipoti losonyeza kuti latsala ndi zaka 5 kapena kuposerapo.

Ku Alabama ndi ku Louisiana, denga lomangidwa pa muyeso wa FORTIFIED (womanga molimba kuti lipirire mphepo yamphamvu) limatsitsa mtengo, ndipo maboma onse awiri ali ndi thandizo la ndalama zofika $10,000 pa denga lotere. Ku Texas, TWIA imafuna satifiketi ya WPI-8 pa ntchito ya denga ndi zomanga zina. Mmisiri akakhoma denga popanda kuitana woyendera ntchitoyo, mudzavutika ndinu osati iye, choncho muuzeni asanakwere makwerero.

8. Tengani makotesheni atatu ofanana

Pitani kwa ajenti woima payekha amene amagulitsira makampani ambiri, ndipo yesaninso kampani imodzi kapena ziwiri zogulitsa zokha. Onse apatseni manambala amodzi: Coverage A yofanana, deductible yofanana, denga pa replacement cost. Mukapanda kutero mukhala mukuyerekeza mbuzi ndi nkhuku. Kotesheni ikatsika kwambiri kuposa zinzake, funsani kuti, "Mwachotsamo chiyani?" Safunsa anadya phula.

Fufuzaninso kampaniyo. Makampani angapo anagwa ku Louisiana pambuyo pa namondwe Ida mu 2021, enanso ku Florida mu 2022, anthu n'kutsala akusakasaka inshuwalansi pakati pa nyengo. Onani giredi yake ku AM Best kapena Demotech (makampani oyeza mphamvu ya makampani a inshuwalansi), ndiponso madandaulo a makasitomala pa webusaiti ya NAIC (bungwe la oyang'anira inshuwalansi ku America) kapena ya dipatimenti ya inshuwalansi ya boma lanu. Funsani ngati kampaniyo ndi admitted kapena surplus lines. Ya admitted ikagwa, thumba la boma limalipira ma claim mpaka malire ena. Ya surplus lines ilibe chitetezo chimenecho. Sikuti ndi yoipa, nthawi zina ndi yokhayo yomwe ingakulembeni, koma lowani mukudziwa.

9. Sainani, kenako jambulani

Pa fomu yofunsira nenani zoona zokhazokha: zaka za denga, ma claim akale, ngati mumachititsa lendi chipinda. Bodza laling'ono pa fomu ndi lomwe kampani imadzagwiritsa ntchito pokana claim yaikulu. Pangano likafika, yerekezani declarations page ndi kotesheni mzere ndi mzere, ndipo tumizani kope ku banki.

Tsiku lomwelo yendani m'nyumba monse ndi foni mukujambula vidiyo. Tsekulani makabati, onetsani manambala a pa TV, filiji ndi kompyuta, jambulani denga muli panja. Sungani vidiyoyo ndi mapepala onse pa intaneti kapena tumizani kwa m'bale wokhala dera lina.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kusiyira zonse banki. Popeza ndalama ya inshuwalansi imadulidwa pamodzi ndi ngongole kudzera ku escrow (akaunti yomwe banki imasungiramo ndalamayo), anthu satsegula n'komwe kalata yokonzanso pangano. M'kalata imeneyo ndi mmene kampani imakwezera deductible kapena kusintha mmene ilipirire denga. Itsegulani chaka chilichonse.

Kulola inshuwalansi kutha. Banki imakugulirani yakeyake, yodula kwambiri, yoteteza banki osati katundu wanu.

Kudalira FEMA. Thandizo la boma limabwera pokhapokha Pulezidenti akalengeza kuti dera lanu lagweredwa tsoka, lili ndi malire, ndipo silimanganso nyumba. Ndalama ya SBA (bungwe lina la boma), yomwe anthu amakonda kuitchula, ndi ngongole: mumabweza.

Kuganiza kuti wochita lendi kapena wokhala mu condo (chipinda chogula m'nyumba ya eni ambiri) sizikumukhudza. Inshuwalansi ya eni nyumba siteteza katundu wa wochita lendi, ndipo NFIP imagulitsa ya katundu yekha. A mu condo, funsani za loss assessment, chifukwa deductible ya nyumba yonse ikakhala yaikulu, bungwe limagawira eni zipinda onse.

Kuchedwa kunena. Ku Florida claim yatsopano iyenera kufika ku kampani pasanathe chaka chimodzi. NFIP imafuna pepala la proof of loss (umboni wa zomwe zawonongeka) pasanathe masiku 60, pokhapokha FEMA itawonjezera nthawi. Madzi akaphwera, jambulani mzere wa matope pakhoma musanatsuke, tchingani denga ndi tenti kuti zinthu zisapitirire kuwonongeka, sungani malisiti, ndipo musasaine pepala lililonse la mmisiri wogogoda pakhomo musanalankhule ndi kampani yanu.